Phiri la Malawi ndi Anthu Amene Analikwera

Tinanyamuka pa boma la Nsanje tambala woyamba atangolira, chifukwa mwezi wa Okutobala kwathu kuno munthu sachita masewera ndi dzuwa. Ikamakwana 9 koloko mmawa nthaka imakhala itayamba kale kuwotcha kumapazi, ndipo masana kutentha kumapitirira madigiri 40. Ndinali ndi mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa Fomu 3, atanyamula chigubu cha madzi ndi mbatata zophika dzulo lake. Munali mu 2023, miyezi isanu ndi iwiri chiwombereni namondwe wa Freddy. Ulendo wanga woyamba wa kuphiri limeneli unali mu 1978, ndili mwana wa pulayimale, ndikutsata agogo anga aamuna, obereka bambo. Ndinafuna kuliwonanso mawondo asanayambe kukana.

Mlendo akamva kuti kumadzulo kwa Nsanje kuli phiri lotchedwa Malawi amaganiza kuti tinalipatsa dzinali pokondwerera ufulu wa 1964. Ayi ndithu. Phirili linkatchedwa choncho dziko lino likadali Nyasaland, boma lathu likadali Port Herald, dzina limene azungu anatenga pa sitima yawo yankhondo yotchedwa Herald. Agogo ankati dzina la dziko ndilo linadzapeza phiri. Ankanena mawuwa akuloza kumadzulo ndi ndodo, madzulo a chilimwe, moto wa lupsa ukuyenda m'mbali mwa phirilo ngati mkanda wofiira.

Kukwera kuchokera kuchigwa kumayamba mosadziwika bwino. Poyamba uli m'dziko la milambe, migwalangwa ndi masawu, nthaka yakuda yong'ambikang'ambika, mbuzi zikudya makoko a msangu. Kenaka miyala imayamba kutuluka m'nthaka, msewu wafumbi wa ku Chididi n'kuyamba kukhota, mpweya n'kumaperewera pachifuwa. Milambe imatsalira kumbuyo. Chimene ine ndimayang'ana kuti ndidziwe kuti ndachokadi kuchigwa ndi mizere ya m'minda. Kumunsi anthu amadzala pansi pathyathyathya, monga ankachitira makolo awo; kumtunda kuno mizere ndiyo imagwira nthaka. Mnyamata uja sanawone chodabwitsa pamenepo, ndiye ndinamuimitsa n'kumufotokozera kuti mizere imeneyi inamangitsa anthu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makamaka m'nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene analamula kuyambira 1948 mpaka 1956, boma la atsamunda linakakamiza dziko lonse kupanga mizere. Anthu ankazitcha malimidwe. Wokana ankalipitsidwa kapena kutsekeredwa. Koma lamulo lokomera munda wa pamtsetse analibweretsa m'chigwa chopanda mtsetse, pomwe kukumba nthaka youma ya Okutobala kunali kudzipha, ndipo mizereyo inkangouma msanga. Anthu a kuno anakana, ndipo mawu anamveka m'midzi monse kuti Mbona wakana mizere. Mpaka lero ndimati anthu athu ankadziwa nthaka yawo kuposa alangizi aja.

Dzuwa litakwera pang'ono tinakumana ndi mayi wina akutsika ndi dengu la mango pamutu, mwana kumbuyo. Tinapatsana moni m'Chisena, iye n'kuyankha kuti ali pyadidi. Atamva kuti tikupita pamwamba penipeni pa phiri anafunsa kuti, "Mukukatenga chiyani, baba?" Nditamuuza kuti tikungofuna kukawona, anatiyang'ana kanthawi, n'kukonza nkhata yake, ulendo.

Funso limenelo ndi la agogo anga lenileni. Kwa iwo phiri silinkakweredwa chabe. Munthu ankakwera kukadula nsungwi, kukafuna mankhwala, kukafula njuchi, kukagula chimanga chaka cha njala, kapena pothawa. Ndikaganizira mbiri ya mapiri a kuno ndimawona kuti chachikulu ndi chomalizachi. Pafupifupi aliyense amene anakwera kuno n'kukhalako ankathawa kanthu kena kumunsi.

Azungu ankathawa malungo. Kummwera, tsidya la Shire m'dziko la Mozambique, kuli phiri la Morambala, limene kukayera bwino limawoneka labuluu kuchokera kuno. David Livingstone ndi John Kirk analikwera kumapeto kwa 1858, asanapitirize ulendo wokwera Shire ndi sitima yawo ya Ma Robert mu Januwale 1859, ndipo Livingstone anakondwera ndi kamphepo ka pamwamba pake, n'kuganiza kuti azungu odwala angamachirire kumeneko. Patangopita zaka zochepa maganizo amenewa anayesedwa. Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi Chiromo, pomwe Ruo ankathira mu Shire. Anzake anachoka ku Magomero n'kutsikira kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa, ndipo kumeneko Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson anamwaliranso kumayambiriro kwa 1863. Bishopu watsopano, William Tozer, atafika anasamutsira mishoni yonse pamwamba pa Morambala. Anapezako nkhungu, chinyezi ndi anthu ochepa, ndipo mu 1864 anasiya zonse n'kupita ku Zanzibar. Anthu amene ankafuna kuwalalikira anali kumunsi, kumene kunali nsomba ndi madimba.

Phunziro limeneli silinaletse amishoni ena kusankha mapiri. A South Africa General Mission anafika mu 1900 n'kumanga ku Lulwe, m'mapiri a kummwera kwa boma, kenaka anadzatsegula Chididi. Mpingo umene unatuluka mmenemo ndi Africa Evangelical Church, ndipo ku Lulwe kuli sukulu ya ana osawona imene yathandiza mabanja ambiri a chigwa chino. Tinafika pa Chididi dzuwa lili pafupi kufika pamutu, komabe pamthunzi panali pozizirira, mphepo ikugwedeza masamba a nthochi. Ndimawamvetsa amishoni aja. Munthu wochokera kuchigwa akakhala pansi pa mtengo wa mango pa Chididi, thukuta n'kuuma lokha pamsana, amayamba kulingalira zosabwerera.

Eni dziko ankathawa zoopsa kuposa malungo. Zaka za 1862 ndi 1863 zinagwetsa ufumu wa Amang'anja m'chigwa chino. Mvula inakana, ndipo pa nthawi yomweyo anthu a Paul Mariano, amene kuno ankamutcha Matekenya, ankasakaza midzi kugwira akapolo. Livingstone atadutsanso mu Shire kumayambiriro kwa 1863 anapeza midzi ili zii, mitembo ikuyandama pamtsinje mpaka kukola m'mapiko a sitima yake. Opulumuka anabisala m'zilumba za m'madambo, ena m'matanthwe a m'mapiri. Pambuyo pake Amakololo amene Livingstone anawasiya kwa Chibisa, monga Kasisi, Chipatula, Katunga ndi Maseya, ndiwo anakhala mafumu kumtunda kwa chigwa, ndipo ena mwa mayina awo akadali mayina a mipando ya ufumu ku Chikwawa.

Titapuma tinasiya msewu n'kulowa kanjira ka m'minda. Apa m'pamene ndinamusonyeza mnyamata uja chinthu chimene agogo anandisonyeza ine. Mtandadza wa mapiri amenewa ndiwo malire a dziko. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la pa 11 Juni 1891 linati kumadzulo kwa Shire malire azitsata pogawanikana madzi: mvula yogwera mbali ino n'kutsikira ku Shire ndi ya dziko lino, yogwera mbali inayo n'kulowera ku Zambezi ndi ya Apwitikizi. Anthu amene anasayina pepalalo ku Ulaya sanapondepo pano, koma anadula pakati mabanja, manda ndi minda. Kwa Asena a tsidya lija malirewo anasanduka khomo lothawira. Ankathawa msonkho wa m'maprazo, chibalo, ndi mbalamatodya, chithabwa chobowolabowola chimene ankamenyera m'manja. Mu 1917, nkhondo ya Makombe wa ku Barue itabuka, anabwera ambiri zedi. Mayi awo a agogo anga anali mmodzi mwa iwo. Agogo ankasimba kuti anawoloka ali wakhanda kumsana, usiku, mayi awo atawatseka pakamwa ndi bere kuti asalire. Chimene ananyamula chinali mphika umodzi ndi mbewu ya mchewere yomangidwa pansonga ya nsalu. Anagona kumapiri miyezi ingapo, kenaka anatsikira kumunsi kukapempha malo kwa mfumu yachimang'anja. Ine ndine chipatso cha ulendo umenewo: bambo Msena, mayi Mmang'anja.

Ulendo womwewo ndinadzauwona ndi maso anga mu 1986, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula ku Mutarara. Anthu ankatulukira m'njira zonse za m'mapiri, ena atavala masaka, ena makungwa a mitengo, mapazi atatupa. Misasa ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu inakula ngati matawuni, ndipo inafika nthawi imene othawa nkhondo m'boma la Nsanje anachuluka kuposa eni ake. Dziko lonse linasunga anthu oposa 1 miliyoni mpaka pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992 litawatsegulira njira yobwerera. Anali abale athu, olankhula chinenero chathu, ndipo sindinamvepo wina akudandaula kuti tinalakwa kuwalandira. Koma banja lililonse linkafuna mitengo ya nyumba ndi nkhuni za tsiku ndi tsiku, ndipo zonsezo zinkachokera kumapiri.

Ndiye pali madzi. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri, kuyambira cha m'ma 1915, nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti Shire anatsekeka kumtunda ndi mchenga ndi zomera. Madambo a kuno anauma, anthu n'kudzalamo thonje, chimanga ndi mbatata. Cha m'ma 1935 nyanja inadzaza, mtsinje unatseguka, ndipo m'zaka zotsatira madambo a Dabanyi ndi Ndindi anameza minda yambirimbiri. Elias Mandala analemba bwino za nthawi imeneyi m'buku lake la 1990 lonena za mbiri ya chigwa chino. Amuna ambiri anapita ku Halale ndi ku Joni, ena anasanduka asodzi, ena anakwera kumtunda kukatsegula mphanje. Madzi saiwala khwawa. Mu 1997 anakokolola njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudula Makhanga kukhala chilumba. Mu 2019 kunabwera namondwe wa Idai, mu 2022 Ana, mu Malichi 2023 Freddy.

Chaka chilichonse cha chigumula pa wailesi pamamveka mawu omwewo, oti anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa asamukire kumtunda, ndipo anthu a ku Blantyre ndi Lilongwe amatinena kuti ndife osamva. Mawu amenewa amandipweteka. Amene amanena choncho abwere adzaponde kumtunda kumene akutiuzako. Ndi miyala. Kuchigwa madzi akaphwa amasiya matope a chonde, munthu n'kudzala chimanga ndi mbatata mu Meyi, n'kukolola popanda feteleza. Mumtsinje muli milamba ndi makakana. Njala ikavuta amayi amalowa m'dambo pa bwato kukazula nyika. Kumtunda munthu ali ndi mvula imodzi, ikakana basi. Amene amamvera n'kukweradi alibe kochitira mwina koma kudula mitengo, kulima pamtsetse pamene khasu limaterereka, ndi kuwotcha makala kuti apeze ya mchere. Tinadutsa mauvuni atatu a makala tsiku limenelo, imodzi ikufuka. Mwini wake anatipatsa moni mwaulemu, nkhope ili bii, ana awiri akumuthandiza kulongedza m'matumba. Sindinapeze mawu omudzudzula nawo.

Pamwamba pa phiri la Malawi, mamita opitirira 900 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pali nkhalango ya mtundu wina, yosayoyola masamba, imene imamwa nkhungu ya mphepo ya mwera. Mu 1978 tinalowamo masana koma munali mdima ngati madzulo. Ndikukumbukira kuti agogo anavula chipewa. Pansi panali pofewa, masamba owola akulowa pakati pa zala za kumapazi, ozizira ngati matope a m'chitsime. Mizu ya mitengo ina inali ngati zipupa, yaitali kundiposa, ndipo zilambe zinkalendewera kuchokera kumwamba kosawoneka. Kunali phee, moti ndinkamva dontho la madzi likugwa patsamba. Mwana wa kuchigwa, wozolowera kuwona kutali mbali zonse, ndinachita mantha n'kugwira malaya a agogo. Tinayenda nthawi yaitali tisanatulukire mbali ina.

Ulendo uno tinafika pamphepete pa nkhalangoyo tikuyenda m'mapesi a chimanga ndi m'nandolo. Palibenso tchire lapakati. Munda umathera patsinde pa mtengo waukulu, ndipo mitengo ya m'mphepete inali yowauka mbali imodzi ndi moto wa chaka chino. Tinalowa. Fungo linali lomwe lija, kuzizira komwe kuja, ndipo mtima wanga unagunda ngati ndakumana ndi mbale amene ndinkamuyesa womwalira. Koma tisanayende n'komwe kuwala kunayamba kuwonekera kutsogolo, ndipo tinatulukira m'munda wina. Akatswiri amene anayerekeza zithunzi za m'mlengalenga anapeza kuti pakati pa 1984 ndi 2019 pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse a nkhalango ya mapiri ano anatha. Zotsala ndi zigamba zosalumikizana.

M'zigamba zimenezi muli kanyama kamene kwawo ndi kuno kokha pa dziko lonse lapansi. Ndi kabilimankhwe kakang'ono, kotalika masentimita asanu ndi theka, kamchira kafupi, kofiirira ngati tsamba louma. Colin Tilbury ndiye anakalemba m'mabuku a sayansi mu 1992, n'kukapatsa dzina la Rhampholeon chapmanorum polemekeza banja la Chapman limene linafufuza nkhalango za dziko lino. Patapita zaka akatswiri anayamba kuwopa kuti kanatha, mpaka mu 2016 gulu la ofufuza a ku South Africa ndi a Museums of Malawi linakapeza kakadalipo, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2021. Masana kamayenda pansi m'masamba owola, usiku kamakwera katsamba kapafupi n'kugona, ndipo ofufuza amakasaka ndi tochi. Sikangawoloke munda wa chimanga kupita ku chigamba china. Dzuwa ndi mbalame zingakathere panjira. Choncho a chigamba chino sakumananso ndi a chigamba icho.

Tinakhala pansi m'kati mwa nkhalangoyo, mnyamata uja akutembenuza masamba ndi kamtengo. Kuwona maso a nkhono n'kudekha, ndinamuuza, ndipo anadekhadi, koma anapeza mabongololo ndi kangaude basi. Tili pomwepo ndinamusimbira nthano imene ndinamva kwa amayi, ya masiku amene Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi. Munthu anapeka moto, tchire linayaka, nyama zinathawa. Bilimankhwe anapulumuka pokwera pamwamba pa mtengo, ndipo Chauta, amene sanathe kukwera, anatengedwa ndi ulusi wa kangaude kupita kumwamba. Mnyamatayo anamvetsera, kenaka anafunsa kuti, "Nanga amalume, aka kakang'onoka kakathawira kuti, poti pano ndiye pamwamba?" Sindinamuyankhe. Tonse amene ndawatchula m'nkhani ino, amishoni, mayi a agogo, anthu a ku Mutarara, mabanja a chigumula, tinali ndi kumtunda kothawira. Kanyamaka kafika pothera phiri.

Tinatulukira pathanthwe loyang'ana kummawa, ndipo chigwa chonse chinali pansi pathu. Utsi wa Okutobala unabisa Mulanje, koma Chiperone, phiri la ku Mozambique limene linapereka dzina ku mvula yowaza ya chiperoni, linkawoneka mwa apo ndi apo. Shire ankang'anima, akukhotakhota kulowera ku Marka, kumene amatulukira m'dziko lino pamalo otsikitsitsa m'Malawi monse, mamita 37 okha. Ndinamulozera malata a pa boma, ndi doko limene linatsegulidwa mu Okutobala 2010 n'kukhala lopanda sitima. Kenaka ndinamuuza kuti afune kadontho kobiriwira kwambiri m'munsi mwa phiri, pakati pa midzi ndi minda youma. Anakapeza yekha.

Ndi Khulubvi, msitu wa Mbona. Mbiri ya makolo imati Mbona anali wodziwa kuyitana mvula, anathawa adani ake kuchokera kumpoto, n'kuphedwa ku Ndione. Chitsulo chinamukana, anafa ndi kanthu kofewa ka m'tchire, magazi ake anayenda ngati mtsinje, ndipo mutu wake unayikidwa ku Khulubvi. Kumeneko kuli kachisi wake, kumakhala mkazi wake wotchedwa Salima, ndipo mafumu, kuyambira Lundu, ali ndi mbali yawo pa mwambo womanganso kachisiyo. Wansembe wachikatolika Matthew Schoffeleers anatha zaka zambiri akufufuza za malowa, ndipo buku lake la 1992 analitcha River of Blood. Chimene chinandigwira mtima pathanthwe paja n'chakuti msitu umenewu uli pakati pa anthu, anthu osowa nkhuni ngati ena onse, amene anawona nkhondo, njala ndi chigumula chomwecho, koma nkhwangwa siilowamo. Palibe waya, palibe mlonda wa mfuti. Nkhalango ya pamwamba pano ili mbali ya nkhalango yotetezedwa ya Matandwe, ili ndi lamulo la boma ndi mapepala ake, ndipo ikutha. Ine ndine Mkhristu, ndinabatizidwa ndili mnyamata, koma pa nkhani iyi ndimavulira chipewa anthu a ku Khulubvi. Iwo anauza ana awo kuti msituwo uli ndi mwini wake, ndipo anawo anamva.

Freddy anawonjezera china chimene makolo sanachidziwe bwino. Mwa anthu oposa 1,000 amene anafa kapena kusowa m'dziko muno, ambiri sanafere kuchigwa. Anafera m'munsi mwa mapiri ometedwa, ku Chilobwe pansi pa Soche, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, matope ndi miyala zitatsika usiku. Potsika tinawona zipsera zotero m'mbali mwa mapiri athu omwe, mikwasa yofiira yoyambira m'minda ya pamtsetse mpaka m'makwawa, ndipo mchenga wonsewo unakathera m'mitsinje ya kumunsi, imene tsopano imasefukira ndi mvula ya tsiku limodzi.

Tinadya mbatata zathu, madzi a m'chigubu atafunda. Mawondo anayamba kunjenjemera titangodutsa Chididi, ndipo mnyamata uja anandidulira ndodo ya nsungwi youma. Pamene tinkafika pa mlambe woyamba dzuwa linali litalowa kuseri kwa phiri, kutentha kwa chigwa kukutichingamira ngati mpweya wa m'ng'anjo. Kumbuyo kwathu moto unali utayamba kale kuwoneka m'mbali mwa phiri, mizere iwiri, wina pafupi ndithu ndi pamwamba. Mnyamatayo anati akufuna adzabwerenso nthawi ya mvula, adzagone pa Chididi, adzalowe m'nkhalangomo usiku. Anandifunsa ngati ndingamubwereke tochi yanga yaikulu ija, ndipo ndinavomera.